Kogona awiriwiri mu Lilongwe: Area 10, Area 3, City Centre, Area 47 kapena kunja kwa mzinda?

Lilongwe ndi mzinda womwazikana. Kuchokera pamsika waukulu wa ku Old Town kukafika ku City Centre ndi makilomita pafupifupi 5, ndipo pakati pake pali nkhalango, osati masitolo oti muziyenda mukusuzumiramo. Dzuwa nalo limalowa msanga: mu Juni cha m'ma 5:30 madzulo limakhala litapita, mu Januwale limafikako cha m'ma 6:20. Likangolowa, oyenda pansi amatha m'misewu ya kumayadi, nyali za mumsewu siziyaka paliponse, ndipo kaulendo kalikonse kamafuna galimoto. N'chifukwa chake anthu awiri amene apatula Lachisanu mpaka Lamulungu kuti akhale paokha, kaya ndi banja lomwe lasiya ana kwa agogo kaya ndi omwe angochoka kumene paguwa, asayambe ndi kufunsa za kukongola kwa chipinda. Ayambe ndi funso ili: mgonero tikadyera kuti, ndipo pobwerera tiyenda bwanji? Dera limene mwasankha ndi limene limayankha funsoli.

Musapusitsidwenso ndi manambala. Ma Area a Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu mu 1975 m'malo mwa Zomba, sanapatsidwe manambala motsata kuyandikana. Area 43 inagundana ndi Area 10, koma Area 9 ili mbali ina ya mzinda, kufupi ndi msewu wa ku Mchinji. Area 44 ili kum'mawa, Area 47 ili kumadzulo. Wina akakuuzani kuti loji yake ili "pafupi ndi tauni", mufunseni kuti tauni yake iti, chifukwa muno matauni ndi awiri.

Area 10 ndi Area 43, pamodzi ndi 11 ndi 12

Kuno ndi kumene anthu ambiri amaganiza akamva za malo abata, ndipo salakwa. Mapuloti ndi aakulu, mitengo ndi yakale, nyumba zambiri za akazembe zili konkuno, ndipo usiku chimene mumamva ndi nkhululu, agalu patali ndi geti limene mlonda akutseka. Kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa. Mukadzuka 6 koloko m'mawa n'kutuluka pageti mudzapeza msewu wonse utayalidwa maluwa ofiirira modera mtambo, matayala a njinga ya wogulitsa buledi atalemba mzere umodzi pakati pake, anyamata osamalira maluwa akuthirira kapinga kunja kwa mipanda kutentha kusanayambe. Kuyenda kwa mphindi 40 nthawi imeneyi, muli awiri, kumaposa zambiri zimene mungalipire ndalama mumzinda muno.

Malo ogona ali amitundu iwiri. Alipo odziwika ngati Latitude 13 ndi Ufulu Gardens ku Area 43, omwe ali ndi malo odyera ndi damu losambira pamalo pomwepo. Kenaka pali maloji ang'onoang'ono ambirimbiri amene kale anali nyumba za anthu. Amenewa ndi otsikirapo mtengo ndipo ena ndi osamalidwa bwino kwambiri, koma nyumba yomangidwira banja limodzi imakhala ndi zofooka zake ikasanduka loji. Zipinda za m'nyumba yaikulu zimayang'anizana pakhonde limodzi lamkati, ndiye kukhosomola kwa mlendo wachipinda chinacho kumamveka ngati ali pambali panu. Pemphani chipinda cha panja, chokhala ndi khomo lakelake ndi kakhonde koyang'ana kumaluwa. Funsaninso kumene kuli jenereta. Chipinda chimene zenera lake layang'ana kumene ikulirira sichigoneka magetsi akathima, ndipo utsi wa dizilo umalowa ngakhale mutatseka.

Vuto lalikulu la maloji amenewa ndi mgonero. Ambiri saphika pokhapokha mutanena, ndipo wophika amaweruka kukada. Nenani isanakwane 3 koloko masana chimene mudzadye, makamaka ngati ndi chambo kapena nkhuku ya lokolo, zomwe zimafuna kukagulidwa ndi kuphikidwa modekha. Mukaiwala, mudzapezeka 8 koloko usiku mukusaka takisi m'dera limene minibasi zimangodutsa m'misewu ikuluikulu yokha. Opanda galimoto aliganizire bwino dera limeneli. Takisi yopita ndi kubwera ku Old Town masiku awiri ikhoza kudya ndalama yonse imene munapulumutsa posankha loji yotchipa.

Palinso nkhani ya maukwati, imene ambiri amaizindikira atafika kale. Kapinga wokongola amene wakukopani pachithunzi ndi yemweyo amene eni malo amabwereketsa Loweruka. Makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, Loweruka lililonse pamakhala ukwati penapake, ndipo Lamulungu pamakhala chinkhoswe kapena mwambo wolangiza mkwatibwi. Matenti amayamba kukhomedwa Lachisanu madzulo, zimkuzamawu amaziyesa m'mawa, ndipo perekaniperekani amatenga masana onse mpaka dzuwa kupendeka. Ukwati ndi chinthu chosangalatsa, koma si chimene munabwerera. Safunsa anadya phula: funsani mwachindunji ngati pamalopo kapena kwa oyandikana nawo padzakhale zochitika masiku amenewo, ndipo yankho alilembe pa WhatsApp kuti likhale umboni.

Mbali zatsopano za Area 43 zikumangidwabe. Misewu ina ndi yafumbi, mu Januwale ndi Febuluwale imasanduka matope, ndipo amisiri amagwira ntchito ngakhale Loweruka. Pemphani kuti akutumizireni chithunzi cha msewu wofika pageti, osati cha bedi chokha.

Area 3 ndi Area 9

Kwa anthu opanda galimoto, ndiponso kwa amene akufuna kudya malo osiyanasiyana osati pamalo amodzi, dera labwino koposa ndi ili. Area 3 ndi mbali yakale ya mzinda, kumadzulo kwa mtsinje wa Lilongwe, kumene kunali boma kalekale likulu lisanabwere. Kuli Lilongwe Golf Club, misewu yamithunzi, ndi nyumba zakale za makonde aakulu. Kuchokera m'maloji ambiri a kuno mukhoza kutsika wapansi masana kukafika ku positi ofesi ya Old Town, kumene amagulitsa ziboliboli, mipando yosema ndi zojambula, kenaka n'kupitirira ku Old Town Mall kukamwa khofi. Malo odyera a zakudya za ku India, ku Korea, ku Italy ndi za kwathu konkuno ali pamtunda wa mphindi 5 kapena 10 pagalimoto, ndiye takisi yausiku siboola m'thumba. Sunbird Lilongwe, Crossroads Hotel ndi Korea Garden Lodge zili mbali yomweyi, pamodzi ndi maloji ang'onoang'ono ochuluka.

Zimenezi zikutanthauza kuti madzulo anu amakhala ndi mpata wosintha maganizo. Mukafika pamalo odyera n'kupeza padzaza kapena nyimbo zakwera kwambiri, malo ena ali pafupi. Ku Area 43 kusintha kotere ndi ulendo.

Zofooka zake ndi za ukalamba. Nyumba zakale zimakhala ndi mapaipi akale: madzi amatuluka mofooka m'shawa, giza imodzi imatumikira zipinda zitatu, ndipo amene wasamba pomaliza amasamba ozizira. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10, nkhani imeneyi si yaing'ono. Mukangolowa m'chipinda, musanamasule chikwama, tsegulani mpopi wa madzi otentha kwa mphindi ziwiri. Ngati satentha, pemphani chipinda china nthawi yomweyo, pamene zipinda zisanathe. Kufupi ndi mtsinje udzudzu umachuluka nyengo ya mvula, choncho tambasulani neti muione ngati ilibe zibowo komanso ngati ikufika pansi pa matiresi mbali zonse zinayi.

Magalimoto amathithikana pamphambano ya msewu wa ku Mchinji ndi pamlatho wa Lilongwe m'mawa ndi nthawi yoweruka, makamaka Lachisanu la kumapeto kwa mwezi. Ngati mukufika Lachisanu, yesetsani kulowa mumzinda isanakwane 4 koloko. Ku Area 9 kuli Civo Stadium, ndiye tsiku la mpira masana kumakhala phokoso ndi chipwirikiti, koma limatha kusanade. Maloji ena a ku Area 3 ndi a alendo achinyamata oyenda ndi zikwama kumsana, okhala ndi bala yochezera mpaka usiku. Ndi malo ansangala, koma si a anthu awiri ofuna kumvana kunong'ona.

Musasokoneze Area 3 ndi tsidya lina la mlatho. Ku Area 2, kumene kuli depoti ya mabasi, msika waukulu, msewu wa Malangalanga ndi Devil Street, nakonso ndi ku Old Town, ndipo malo ogona a kumeneko ndi otchipa kwambiri. Pitaniko masana. Kasankhireni okondedwa anu chitenje, kagule mapapaya, mapeyala ndi nthochi pamsika wa Lizulu wa mumzinda momwemo, foni ili m'thumba la kutsogolo. Koma kogona ayi. Mabasi amayamba kuliza mahutala kusanache, oitanira amakuwa tsiku lonse, ndipo nyengo yogulitsa fodya, kuyambira cha mu Epulo, maresitihausi amadzaza ndi anthu obwera ndi kupita usiku wonse.

City Centre

Kuno mumagula mtendere wa mumtima pa zinthu zimene zimavuta kwina. Mahotela akuluakulu ngati Sunbird Capital ndi President Hotel ya ku Umodzi Park ali ndi majenereta amphamvu, matanki a madzi, makina oziziritsa m'zipinda ndi khitchini yotseka mochedwa. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene masana kutentha kumapitirira madigiri 30 ndipo fani imangozunguza mpweya wotentha womwewo, zimenezi zimasiyanitsa tulo ndi kugubuduka.

City Centre inamangidwira maofesi. Lolemba mpaka Lachisanu kumakhala piringupiringu, koma Loweruka masana kumangoti zii. Ena amakuona ngati kosowetsa chochita, koma kwa anthu awiri kuli ndi ubwino wake. Misewu yotakata imakhala yopanda magalimoto, ndipo m'mawa umodzi mukhoza kuona chiliza cha Kamuzu Banda chimene chinatsegulidwa mu 2006, nyumba ya malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndi kukakhala pansi pa mitengo ku Botanic Garden. Kumeneko pitani m'mawa, chifukwa masana kumabwera magulu a mapemphero, ophunzira ndi akwati odzajambulitsa.

Chokoma koposa chili pakati pa matauni awiriwa, m'mbali mwa msewu wa Kenyatta: nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre. Mukangochoka pageti mphindi zochepa, phokoso la magalimoto limazilala, njira imatsika kulowera kumtsinje wa Lingadzi, apusi amadumpha m'nthambi pamwamba panu, ndipo mukayenda mwakachetechete mukhoza kuona mbawala itaima chilili pakati pa zitsamba. Valani nsapato zotseka, tengani madzi, ndipo musatsikire m'mphepete mwenimweni mwa madzi chifukwa mumtsinjemo muli ng'ona. Chakudya musachionetse kwa apusi. Malowa ndi ofikirika mosavuta kuchokera ku City Centre, ku Area 3 ngakhale ku Area 10, choncho kulikonse kumene mwagona, apatulireni maola awiri kapena atatu.

Chimene City Centre singakupatseni ndi kubisika. Mahotela amenewa ndi a misonkhano. Ngati mumagwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe, pa kadzutsa mudzakumana ndi bwana wanu, mnzanu wa kusukulu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mwambo wathu sulola kungodutsana osapatsana moni wokwanira. Mphindi 20 zimatha mukufunsana za kunyumba, tiyi akuzizira, amene mwabwera naye akungoyembekezera. Maholo a mahotelawa amachitikiranso maukwati ndi madansi a makampani, ndiye pemphani chipinda cha m'mwamba, mbali yotalikirana ndi holo. Funsani mitengo iwiri imene satchula okha: wa kumapeto kwa sabata ndi wa anthu okhala m'dziko muno. Misonkhano ikatha Lachisanu zipinda zimatsala zambiri, ndipo nthawi zambiri amatsitsa mukafunsa.

Area 47

Ngati chikondi chanu chimakoma ndi nyimbo, kanyenya wotentha ndi kuvina, ku Bwandilo, malo a mabala a ku Area 47, ndi kwanu, ndipo n'kwanzeru kugona pafupi kusiyana ndi kuyendetsa galimoto usiku mutamwa. Gateway Mall ili pafupi, mitengo ya malo ogona ndi yapakatikati, ndipo kuli nyumba zambiri zobwereketsa masiku ochepa zokhala ndi khitchini. Koma walira mvula walira matope: loji imene ili pafupi moti mukhoza kuyenda wapansi kuchokera ku Bwandilo imamvanso nyimbo zake mpaka mbandakucha. Sankhani sekita yotalikirako, mukwere takisi ya mphindi zisanu. Bingu National Stadium, imene inatsegulidwa mu 2017, ili ku Area 48 pafupi pomwepo, ndipo tsiku la mpira waukulu misewu yolowera kumeneko imatsekeka.

Pa nyumba zodziphikira, funsani zinthu zitatu musanalipire: mayunitsi a magetsi agula ndani ndipo mwatsala angati m'mita, chophikira ndi cha gasi kapena cha magetsi, ndipo pali thanki ya madzi kapena ayi. Nyumba ya chophikira cha magetsi chokha, yopanda sola kapena inveta, imakusiyani ndi nyama yaiwisi m'poto magetsi akathima 6 koloko.

Kunja kwa mzinda

Kum'mawa, kupitirira malo a maluwa ndi masitolo otchedwa Four Seasons pa msewu wa Presidential Way kulowera ku Area 44, kuli Kumbali Country Lodge, pa famu yokhala ndi nkhalango ndi ng'ombe za mkaka. Malo ngati amenewa, pamodzi ndi ena a kunjira ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto, amapereka chimene mkati mwa mzinda mulibe: mdima weniweni, nyenyezi, ndi moto wa nkhuni mu Julayi. Amayenera anthu amene atopa ndipo sakufuna kuona wina aliyense. Mukalowa, mwalowa. Chakudya chonse mudzadyera pomwepo pa mtengo wawo, choncho pemphani mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake musanasungitse malo, muwerengere nkhomaliro ziwiri ndi migonero iwiri ya anthu awiri. Thirani mafuta okwanira musananyamuke, chifukwa nthawi imene mafuta akusowa palibe chowawa ngati kuthera Loweruka la tchuthi pamzere.

Amene ali ndi masiku atatu angathe kuphatikiza: usiku umodzi ku Area 3 kuti adye ndi kuyenda m'tauni, wachiwiri kunja kwa mzinda, kapena ulendo wa tsiku limodzi ku Dedza, makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, kukaona mapiri ndi mbiya za ku Dedza Pottery. Kwa masiku awiri okha, kusamuka kumadya nthawi. Khalani malo amodzi.

Kuika zonse pa sikelo

Muli ndi galimoto ndipo mukufuna bata koma osatalikira malo odyera: Area 10 kapena mbali yakale ya Area 43, mutatsimikiza za maukwati. Mwabwera pa basi kuchokera ku Blantyre kapena ku Mzuzu: Area 3. Ndi mu Okutobala, kapena mmodzi wa inu ndi woyembekezera kapena sakupeza bwino moti madzi ndi magetsi siziyenera kuvuta: hotela ya ku City Centre. Ndalama zili zochepa: ndi bwino kugona usiku umodzi pamalo abwino ku Area 3 kapena ku Area 12 kusiyana ndi masiku awiri pamalo amene mudzagona mukudandaula.

Nyengo imasinthanso yankho. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mzinda umabiriwira ndipo minda ya maluwa ya ku Area 10 imakongola koposa, koma mvula ya masana imakutsekerani m'chipinda, ndiye khonde lofoleredwa limaposa damu losambira. Mu Meyi mpaka Julayi funsani za mabulangete owonjezera ndi madzi otentha, ndipo dziwani kuti madzi a m'damu amazizira moti simudzalowamo. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya mphepo ndi fumbi, ndipo loji ya m'mbali mwa msewu wadothi imavutika nazo.

Za malipiro, samalani. Pa Facebook pamapezeka masamba onamizira maloji enieni, okhala ndi zithunzi zokopera, amene amapempha dipoziti pa Airtel Money kapena pa Mpamba kenaka foni n'kuzima. Musanatumize kalikonse, imbani nambala imene mwaipeza kwina, osati pa tsamba lomwelo, kapena tumani wachibale wa mu Lilongwe akafike pageti. Onetsetsani dzina limene likutuluka potsimikiza kutumiza ndalama, ndipo ngati ndi la munthu osati la malowo, funsani chifukwa chake. Malo ena amatchula mtengo m'madola n'kuusintha kukhala makwacha tsiku lolipira, choncho gwirizanani mtengo wa makwacha polemba, ndipo anene ngati msonkho wa VAT, msonkho wa zokopa alendo ndi kadzutsa wa anthu awiri zili momwemo.

Takisi yausiku ikonzeni masana. Pemphani a pa loji akupatseni dalaivala amene amamudziwa, gwirizanani mtengo wopita ndi kubwera musanakwere, ndipo muuzeni ola lodzakutengani, osati kuti mudzamuimbira mukamaliza, chifukwa ikakwana 10 koloko ambiri amakhala atapita kwawo ku Area 25 kapena ku Area 36. Kabaza wa njinga yamoto ndi wothandiza masana, koma usiku, awiri pa njinga imodzi opanda zipewa, ayi. Uzaninso mlonda nthawi imene mubwerere, mutenge nambala yake, kuti galimoto ikafika geti likhale lotsegula kale.